Nkhokwe ya maina ya Memorial: chida chabwino, koma sichithetsa mkangano wa Zemskov

Aphunzitsi a mbiri yakale a Fomu 5 ndi Fomu 6 kuno ku Harare amadziwa pomwe kalasi imasokonekera akafika pa ulamuliro wa Stalin. Mwana wina wabwera ndi manotsi akuti anthu 20 miliyoni adaphedwa, mnzake watola pa WhatsApp kuti ophedwa sadakwane n'komwe 1 miliyoni ndipo zinazo ndi mabodza a Amereka. Wachiwiriyu, kaya akudziwa kaya sakudziwa, wanyamula ziwerengero za katswiri wa ku Russia, Viktor Zemskov, koma wazithyola pakati n'kutaya theka. Chimene tikuunika pano ndi chida chothandiza mphunzitsi wotere: nkhokwe ya pa intaneti ya maina a anthu amene boma la Soviet Union lidawamanga, kuwasamutsa kapena kuwawombera pa milandu ya ndale. Adaisonkhanitsa ndi a bungwe la Memorial la ku Moscow. Ndi yaulere, simulembetsa kuti mufufuze, ndipo siidya bandulo yambiri. Tikuivomereza ndi mtima wonse, koma osati pa ntchito imene ambiri amaithamangira. Imakupatsani maina, siikupatsani chiwerengero cha onse amene adafa, ndipo woigwiritsa ntchito ngati chowerengetsera adzasocheretsa ana.

Kuti zimenezi zimveke, tiyambe ndi mwini mkangano. Zemskov adabadwa mu 1946, adamaliza maphunziro pa Moscow State University mu 1974, ndipo adagwira ntchito ku nthambi ya mbiri yakale ya Academy of Sciences mpaka imfa yake mu Julayi 2015. Mwayi wake udadza mu 1989, nthawi ya Gorbachev, atalowa m'komiti ya Yuri Polyakov yofufuza anthu amene dziko lidataya. Komitiyo idaloledwa kutsegula malipoti achinsinsi a apolisi a chitetezo cha boma, amene m'zaka zosiyanasiyana ankatchedwa OGPU, NKVD ndi MVD. Zemskov adakhala pansi n'kumakopera: akaidi angati pa 1 Januwale chaka chilichonse, olowa angati, otuluka angati, othawa angati, akufa angati.

Zimene adatulutsa zidakwiyitsa ambiri. Robert Conquest, amene ankatengedwa ngati mkulu pa nkhaniyi m'maiko a azungu, ankayerekeza kuti mu 1938 m'ndende zachibalo za Gulag mudali anthu pafupifupi 8 miliyoni. Kaundula adaonetsa 1,881,570 pa 1 Januwale 1938, kuphatikiza misasa ikuluikulu ndi ing'onoing'ono. Chiwerengerocho chidafika pachimake kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1950, pa anthu pafupifupi 2.5 miliyoni. Oweruzidwa kuti aphedwe pa milandu ya ndale kuyambira 1921 mpaka 1953 adali 799,455, ndipo mwa amenewa 681,692 adagwera m'zaka ziwiri zokha, 1937 ndi 1938. Gawani nokha ndi masiku 730: ndi anthu oposa 900 tsiku ndi tsiku. Chimenecho ndicho chiwerengero chimene mwana wa pa WhatsApp akuchitcha chaching'ono. Mu 1993 Zemskov adasindikiza ziwerengerozi m'Chingerezi limodzi ndi J. Arch Getty ndi Gábor Rittersporn m'magazini ya American Historical Review, ndipo kuchokera pamenepo zidafalikira dziko lonse.

Oyamba kumuukira adali anthu amene adalawa ndendezo ndi thupi lawo, monga Lev Razgon ndi Anton Antonov-Ovseenko, amene bambo ake adawomberedwa mu 1938. Iwo ankati mapepala a apolisi ndi abodza, ndipo wowakhulupirira akutsuka manja a akupha. Antonov-Ovseenko adanena kuti chikalata cha chakudya cha akaidi cha 1945 chimaonetsa anthu 16 miliyoni. Zemskov adayankha kuti chikalatacho chimanena 1.6 miliyoni, kuti kachizindikiro kolekanitsa manambala ndiko kadasowa. Mfundo yake yaikulu idali yakuti malipotiwa sadalembedwere nyuzipepala. Ufa, zovala, alonda ndi kuchuluka kwa ntchito yopatsidwa msasa uliwonse zonse zinkatengera manambala omwewo, choncho wobisa akaidi mamiliyoni akadasowa chowadyetsa. Apa Zemskov adapambana, ndipo tikuti adapambana moyenera. Lero pafupifupi aliyense wolemba za Gulag mwaukatswiri amayambira pa matebulo amenewa, ngakhale amene amamutsutsa pa zina.

Vuto lidadza pamene wokopera kaundula adayamba kujambula malire a amene ayenera kutchedwa woponderezedwa. M'zolemba zake za m'zaka zomaliza, makamaka mu 2012, Zemskov adati ofa chifukwa cha nkhanza za ndale ndi pafupifupi 2.6 miliyoni: owomberedwa, akaidi a ndale ofera m'ndende, ndi ofera kumalo kumene adasamutsidwira. Ofa ndi njala ya 1932 ndi 1933 adawasiya kunja. Adawerengetsanso kuti anthu 97.5 pa 100 alionse sadakhudzidwe ndi kuponderezedwa kwa ndale, ndipo adati ofa chifukwa cha nkhondo yolimbana ndi Germany adali pafupifupi 16 miliyoni, pomwe boma limavomereza 26.6 miliyoni. Okonda Stalin adalandira zimenezi ndi manja awiri. Ife tikuona kuti manambala a Zemskov ndi odalirika kuposa ziganizo zimene adamangapo. Mkazi wa wowomberedwa amene adachotsedwa ntchito, ndi mwana amene adakaponyedwa kunyumba ya ana amasiye n'kusinthidwa dzina, ungawaike bwanji m'gulu la osakhudzidwa?

Tsopano chidacho. Memorial idakhazikitsidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo wasayansi Andrei Sakharov adali mmodzi mwa atsogoleri ake oyamba. Maina adayamba kutuluka pa CD. Ya 2007 idali ndi maina pafupifupi 2.6 miliyoni, ndipo nkhokwe ya 2017 idapitirira 3 miliyoni. Makomo ndi awiri. Pa lists.memo.ru pali mndandanda wakale, wa mawu okhaokha opanda zithunzi, woyalidwa motsatira alifabeti. Umenewu ndiwo woyenera foni yotsika mtengo ndi netiweki yofooka ya kumalokeshoni. Pa base.memo.ru pali nkhokwe yatsopano yokhala ndi mabokosi ofufuzira: dzina la mtundu, dzina loyamba, dzina lochokera kwa bambo, chaka chobadwa ndi zina. Palinso Open List pa ru.openlist.wiki, yomwe idayamba mu 2016 potenga maina a Memorial, ndipo imalola achibale kuonjezera zithunzi ndi zikalata. Imeneyi ndi yolemererapo potsegula, koma ikakhala kuti munthu adakonzedwera tsamba ndi adzukulu ake, mumapeza nkhope.

Zonse zili m'Chirasha, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwera. Mukalemba dzina m'zilembo zathuzi simupeza kanthu, ngakhale munthuyo alimo. Njira yachidule ndi kutsegula nkhani ya munthuyo pa Wikipedia ya Chingerezi, kusintha chilankhulo kukhala Chirasha, n'kukopera dzina pamutu pa tsamba. Arasha amayamba ndi dzina la mtundu, kenaka loyamba, kenaka la bambo: Ivanovich ndi mwana wamwamuna wa Ivan, Ivanovna ndi mwana wamkazi. Ikani chigawo chilichonse m'bokosi lake. Amene akufuna kulemba okha aonjezere kiyibodi ya Chirasha pa Gboard, polowa pa Settings, Languages, Add keyboard. Zilembo zilipo 33, ndipo zingapo zimapusitsa maso: chooneka ngati B chimamveka V, H ndi N, P ndi R, C ndi S. Pa mndandanda wa alifabeti, maina oyamba ndi V ali pa chilembo chachitatu, osati kumapeto.

Yesererani pa munthu amene mbiri yake imadziwika kale. Nikolai Ivanovich Vavilov, katswiri wa mbewu amene adayenda mpaka ku Ethiopia kutolera mbewu zamakolo, adabadwa mu 1887, adamangidwa mu Ogasiti 1940, adaweruzidwa kuti aphedwe mu Julayi 1941, chilango chidasinthidwa kukhala zaka 20, ndipo adafera m'ndende ya Saratov mu Januwale 1943. A Vavilov ndi ambiri, ndiye chaka chobadwa ndicho chimasefa. Mukadziwa kale masiku amenewa, maso amazolowera msanga pomwe chilichonse chimakhala pa khadi.

Khadi lodzaza bwino limakhala ndi chaka ndi malo obadwira, mtundu, ntchito, komwe ankakhala, tsiku lomangidwa, amene adaweruza, gawo la lamulo, chilango, tsiku lowomberedwa ngati adawomberedwa, tsiku lochotseredwa mlandu, ndipo pansi penipeni dzina la buku kapena ofesi komwe zatengedwa. Chrome imamasulira masamba amenewa mokwanira, koma mawu ofupikitsidwa imawasiya momwemo. Zilembo zitatu zooneka ngati BMH, zimene womasulira amazilemba VMN, zikutanthauza chilango chapamwamba koposa, ndiko kuwomberedwa. ITL ndi msasa wa chibalo. Nambala 58 ndi gawo la milandu youkira boma m'malamulo a Russia a nthawiyo: 58-10 ndi kulankhula kapena kufalitsa zonyoza boma, 58-6 ndi ukazitape, 58-11 ndi kukhala m'gulu. Troika, yomwe makina nthawi zina amangoti atatu, idali komiti ya anthu atatu m'chigawo, mkulu wa NKVD, mlembi wa chipani ndi woimira boma pa milandu, yomwe inkagamula wozengedwa mlandu palibe. Chenjezo laling'ono: mukafuna kukopera dzina kuti mufufuzenso, zimitsani kaye kumasulira, apo ayi mukopera zilembo zathu zomwe bokosi silizindikira.

Zolakwika za nkhokweyi zimachokera ku momwe idamangidwira. Memorial sidapatsidwe kaundula mmodzi wa dziko lonse. Idalumikiza mabuku a chikumbutso osindikizidwa m'zigawo zosiyanasiyana, lililonse ndi kalembedwe kake. Chigawo chimene chidalimbikira chili ndi maina ochuluka ndi makadi odzaza. Chimene akuluakulu ake adachita mphwayi chili ndi ochepa, ndipo makadi ena ndi dzina ndi chaka basi. Kuchepa kwa maina a dera lina sikutanthauza kuti kumeneko kudali mtendere. Munthu mmodzi atha kuonekanso kawiri kapena katatu, chifukwa adalembedwa kwawo, adalembedwanso komwe adamangidwira, mwinanso komwe adafera. Maina a Apolishi, Ajeremani, Akoreya ndi ena achilendo adalembedwa momwe mlembi adawamvera, choncho kusintha chilembo chimodzi kumatulutsa munthu amene adasowa poyamba. Maina 3 miliyoni si anthu 3 miliyoni ndendende. Ndipo a Memorial eni ake adanena kuti oyenera kulowamo, potsata lamulo la Russia la pa 18 Okutobala 1991 lochotsera anthu milandu ya ndale, ndi pafupifupi 12 miliyoni. Nkhokwe ili ndi gawo limodzi mwa magawo anayi.

Samalaninso ndi tsiku la imfa mukamayerekeza khadi ndi zolemba zina. Mabanja a owomberedwa mu 1937 ndi 1938 ankauzidwa kuti wachibale wawo wapatsidwa zaka 10 popanda ufulu wolemba kalata. Kuyambira 1955, KGB, nthambi ya apolisi achinsinsi ya nthawiyo, idalamula kuti mabanjawo azipatsidwa ziphaso zaimfa zabodza, zonena kuti munthu adafa ndi matenda zaka zingapo pambuyo pake, kawirikawiri m'nthawi ya nkhondo. Mukapeza masiku awiri osiyana a munthu mmodzi, wina 1938 wina 1942, musathamangire kunena kuti nkhokwe yalakwa.

Nanga chidachi chimathandiza chiyani pa mkangano wa Zemskov? Chimathandiza kwambiri, koma mwa njira ina. Tsegulani tsamba limodzi la mndandanda wa alifabeti, patsani ana maina 100 otsatizana, alembe ntchito ya munthu aliyense, chaka chomangidwa, ndi masiku apakati pa kumangidwa ndi chigamulo. Ntchito imeneyi imakwana mapiriyodi awiri ngati mwasindikiziratu mapepala. Adzaona okha kuti akazembe ndi nduna za chipani ndi ochepa. Ochuluka ndi alimi, osula zitsulo, ogwira ntchito panjanji, owerengera ndalama m'minda yolima pamodzi yotchedwa kolkhoz, ansembe. Adzaonanso zaka za 1937 ndi 1938 zikubwerabwera, ndi anthu owomberedwa patangopita milungu yochepa chimangidwireni. Pamenepo ndi pofotokozera lamulo nambala 00447 la mkulu wa NKVD Nikolai Yezhov la pa 30 Julayi 1937, lomwe lidagawira chigawo chilichonse chiwerengero cha anthu oti amangidwe anthuwo asadadziwike n'komwe: 268,950 onse pamodzi, ndipo 75,950 mwa iwo oti awomberedwe. Akuluakulu a m'zigawo adapempha kuti awaonjezere, ndipo pomatha, owomberedwa pa lamulo limeneli lokha adali pafupifupi 387,000. Pa ntchito yosaka Apolishi ya lamulo nambala 00485, owomberedwa adapitirira 111,000. Maina ndi tebulo la Zemskov zikugwirizana pamenepa, ndipo mwana amene ankati zonse ndi mabodza a Amereka akuwerenga zochokera m'mafaelo a apolisi a Soviet Union eni ake.

Kenaka afunseni amene sakuoneka. Tebulo lomwe lija limati mu 1940 oweruzidwa kuti aphedwe adali 1,649. Koma m'chaka chomwecho, asilikali, apolisi ndi akaidi ena a ku Poland 21,857 adawomberedwa ku Katyn, Kalinin, Kharkiv ndi malo ena, malinga ndi kalata ya mkulu wa KGB Alexander Shelepin yopita kwa mtsogoleri wa dzikolo, Khrushchev, mu 1959. Nambala yaikulu singalowe m'nambala yaing'ono. Anthuwo adaphedwa pa chigamulo chapadera cha Politburo, komiti yaikulu ya chipani cholamula, ndipo sadadutse pa desiki ya wolemba tebulo. Wa ku Malawi sangavutike kumva zimenezi. Mutawerenga onse amene makhoti adawagamula kuti anyongedwe nthawi ya Kamuzu, simungapezemo Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga, chifukwa mu Meyi 1983 boma lidati adafa pa ngozi ya galimoto ku Mwanza, mpaka komiti yofufuza yokhazikitsidwa mu 1994 idapeza kuti adaphedwa ndi apolisi.

Mpata wina uli m'manambala a Zemskov mwini. Alimi otchedwa makulaki amene adasamutsidwa mu 1930 ndi 1931 adali 1,803,392. Powerenga mu Januwale 1932, opezeka kumalo atsopanowo adali 1,317,022. Anthu 486,370 adapita kuti? Ena adathawa, ena adamasulidwa, ena adafera m'sitima ndi m'chisanu cha chaka choyamba, ndipo kaundula sawalekanitsa. M'misasa ikuluikulu ya Gulag mudalembedwa imfa 1,053,829 kuyambira 1934 mpaka 1953, koma oyang'anira misasa ankamasula akaidi odwalitsitsa, amene imfa yawo sinkalowanso m'buku la msasa. Katswiri wa mbiri yakale Golfo Alexopoulos adatengera pamenepa n'kunena kuti ofa adali osachepera 6 miliyoni. Akatswiri ena adatsutsa kawerengedwe kake, koma mchitidwe womasula odwalawo palibe amaukana. Palinso mayi wogwidwa akukunkha ngala za tirigu m'munda wa kolkhoz, amene lamulo la pa 7 Ogasiti 1932 linkamupatsa zaka 10 kapena imfa: m'mabuku ndi mbava. Palinso wantchito wozengedwa mlandu wochedwa kuntchito ndi mphindi zoposa 20 potsata lamulo la mu Juni 1940. Ndipo pali mamiliyoni ofa ndi njala ku Ukraine, Kazakhstan ndi kumwera kwa Russia, boma litalanda tirigu n'kutseka njira kuti alimi asathawe m'midzi. Amenewa mulibe m'tebulo la owomberedwa, ndipo m'nkhokwe ya Memorial simuwapezanso, chifukwa wakufa ndi njala alibe faelo ya mlandu yoti achotseredwe.

Apa nkhokwe ndi Zemskov ali ndi chilema chimodzi: onse awiri amaona munthu amene mlembi wa boma adamuona. Ana a ku Mbare, Mufakose, Mabvuku ndi Tafara, amene agogo awo adachokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'mapulazi, m'migodi ndi m'nyumba za azungu, safunika kuwafotokozera zambiri. Amadziwa dzina lolembedwa mokhota pa chitupa, chaka chobadwa chongoyerekeza, mawu oti alien, ndi wachibale amene adakalamba wopanda pepala lililonse. Kaundula wa boma amasunga bwino zimene boma likufuna kudziwa. Kusiyana kwake n'kwakuti a Memorial amanena poyera kuti mndandanda wawo ndi wopereŵera, pomwe Zemskov wa m'zaka zomaliza adatenga polekezera kaundula n'kupasandutsa polekezera mlandu.

Amene akufuna kuzama ayang'anenso nkhokwe zina ziwiri za bungwe lomweli. Pa stalin.memo.ru pali mindandanda ya anthu oposa 40,000 imene Stalin, Molotov ndi anzawo a mu Politburo adasaina ndi dzanja lawo, ambiri mwa iwo m'gulu loyamba, kutanthauza imfa. Pa nkvd.memo.ru pali maina pafupifupi 40,000 a maofesala a NKVD a zaka za 1935 mpaka 1939, osonkhanitsidwa ndi Andrei Zhukov. Yoyambayo ndiyo yankho kwa onena kuti Stalin sankadziwa zimene Yezhov ankachita.

Chotsala ndi kusunga. Khoti lalikulu la Russia lidalamula pa 28 Disembala 2021 kuti International Memorial ithetsedwe. Chaka chotsatira bungweli lidalandira nawo mphotho ya Nobel ya mtendere, koma ofesi zake ku Moscow zidalandidwa, ndipo mu Novembala 2024 nyumba yosungiramo mbiri ya Gulag mumzindawo idatsekedwa ponena za chitetezo cha moto. Tsamba la bungwe lotere musamalidalire kuti mudzalipeza mawa pa nthawi ya kalasi, ndipo magetsi a ZESA nawo mukuwadziwa. Mu Chrome sankhani Share, Print, kenaka Save as PDF, ndipo sungani kawiri, la Chirasha ndi lomasuliridwa, chifukwa lomasuliridwa lokha silingakuthandizeni kufufuzanso. Tsamba limodzi la mndandanda wakale ndi lalitali kwambiri, ndiye posindikiza uzani a pa kompyuta masamba amene mukufuna, asatulutse onse. Podula makadi oti mugawire ana, musadule mzere wapansi wotchula buku la chikumbutso, chifukwa ndi umene ungakufikitseni ku gwero la dzinalo ngati nkhokweyo itazimitsidwa.